Miyala ya Rozi Yasowa m'Thanki

Rozi ankafuna miyala. Sankafuna masiwiti. Sankafuna nsapato zatsopano. Ankangofuna miyala basi.

Miyalayo ankafunira nsomba zake.

Rozi ankakhala pa Boma ku Mchinji. Ankakhala ndi amayi ake, abambo ake ndi mkulu wake Princess. Pabalaza pawo panali thanki yagalasi. M'thankimo munali nsomba ziwiri. Sizinali nsomba za ndiwo ayi. Zinali nsomba zoweta.

Thankiyo anamupatsa ndi amalume ake, a Eneya. A Eneya amayendetsa lole. Thankiyo anakagula ku Zambia. Nsomba nazo anagula komweko.

"Tamvera, Rozi," anatero amalume tsiku lobwera nazo. "Nsomba izi zimadana ndi sopo. Zimadananso ndi madzi ongotunga kumene pampopi. Madzi apampopi ali ndi mankhwala. Aziyamba agona mu ndowa. Wamva?"

"Ndamva, amalume," anatero Rozi.

Anamvadi. Sanaiwale.

Nsomba ina inali yaikulu. Inali yachikasu ngati m'kati mwa dzungu. Rozi anaitcha Dzungu. Ina inali yaing'ono. Inali yoyera komanso yopyapyala. Rozi anaitcha Nthanga.

Dzungu anali wankhanza. Nthanga akapita uku, Dzungu ankamutsata. Nthanga akapita uko, Dzungu ankamutsata. Akamupeza, ankamuluma mchira. Mchira wa Nthanga unayamba kung'ambika.

Nthanga analibe pobisala. Uku galasi. Uko galasi. Pansi galasi.

"Ababa, Nthanga afa," anatero Rozi.

"Zikungosewera izo," anatero abambo.

"Si masewera, ababa. Taonani mchirawo."

"Ingomukazinga Dzunguyo," anatero Princess. "Nkhani ithe."

"Achemwali inu!" anatero Rozi. "Ine ndikufuna miyala. Ndimumangira Nthanga kanyumba."

Loweruka, amayi anatenga Rozi kupita ku Kachebere. Kumeneko ndi kwawo kwa amayi. Kumakhala mng'ono wawo, a Keziya. Rozi amawatchula amayi aang'ono.

Akuluakulu anakhala pamphasa. Ankasenda mtedza. Ankacheza nkhani zawo zosatha. Rozi anatenga chikwama chake. Anatsikira kudambo yekha.

Panjira anapeza dzenje lalikulu. Anasuzumiramo. Anaona miyala yofiira. Inali yofiira psuu, yokongola kwambiri.

Rozi anatola umodzi. Anaufinya. Unali gwa! Inali nthawi ya dzuwa, ndipo zonse zinali zouma.

"Uwu ukhala khoma," anatero Rozi.

Anatola wina. "Uwunso khoma."

Anatola wina waphanthiphanthi. "Uwu ndiye denga."

Anaipukuta ndi diresi lake. Anaiika m'chikwama. Sanaonetse amayi. Sanaonetse amayi aang'ono. Ankaopa kuti amuseka. Madzulo anabwerera kunyumba.

Lamulungu m'mawa, onse ankavala za kutchalitchi. Rozi anavala msanga. Anathamangira pabalaza. Anaika mwala uku. Anaika mwala uko. Anasanjika denga pamwamba.

Nthanga anabwera. Anayang'ana. Analowa m'kanyumbamo.

Rozi anaomba m'manja.

Kenaka anaona kanthu. Pa miyala paja pankatuluka kautsi kofiira. Kankakwera pang'onopang'ono m'madzimo.

"Ndi fumbi chabe," anatero Rozi. "Litsika."

"Rozi!" anaitana amayi ali panja. "Tichedwa! Tuluka!"

Rozi anatuluka. Abambo anakhoma chitseko.

Anabwerako dzuwa lili pamutu. Amayi ndiwo anayamba kulowa. Anangoponda pabalaza n'kuima.

"Mayo ine! Magazi!"

Abambo analowa. Buku la nyimbo linawagwa m'manja. Princess analowa. Anagwira pakamwa. Rozi analowa. Anayang'ana thanki.

Thanki yonse inali psuu! Madzi anali ofiira kuyambira pansi mpaka pamwamba. Dzungu sankaoneka. Nthanga sankaoneka. Kanyumba sikankaoneka.

"Ndi mphaka uyu!" anakuwa Princess. "Wadya nsomba!"

Mphaka anali gone pampando. Anatsegula diso limodzi.

"Choka, mbava iwe!" anatero abambo. Anatenga tsache. Mphaka anathawira pawindo. Tsache linamenya khoma.

Mayi Ashura anamva phokosolo. Iwo ali ndi golosale pafupi ndi nyumbayo. Anabwera chothamanga.

"Kwagwanji kuno? Wavulala ndani?"

"Onani nokha, anzanga," anatero amayi. "Magazi okhaokha!"

Mayi Ashura anayang'ana thankiyo. Maso anachita tuzu.

"Koma inu! Magazi onsewa atuluke m'tinsomba tiwiri? Ngakhale mbuzi sitero!"

Amayi ankalankhula. Abambo ankalankhula. Princess ankalankhula. Mayi Ashura ankalankhula. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankathandiza nsomba.

Rozi anayandikira thanki ija. Anayang'anitsitsa. Pamwamba pa madzi panali kakamwa. Kankatseguka. Kankatseka. Kankatseguka. Kankatseka.

"Dzungu ali moyo!" anatero Rozi. "Akubanika!"

Anapinda dzanja la diresi. Anapisa mkono m'madzimo. Anafufuza uku. Anafufuza uko. Ankafuna kanyumba kaja, poti Nthanga anamusiya momwemo.

Khoma panalibe. Khoma lina panalibe. Denga panalibe.

"Miyala yanga yasowa!" anakuwa Rozi.

"Miyala yanji?" anafunsa amayi.

"Ndinatola dzulo ku Kachebere. Ndaika m'mawa uno. Inalipo itatu. Tsopano mulibe!"

Onse anasuzumira m'thankimo.

"Mwala sungasowe m'madzi," anatero abambo. Anabwerera m'mbuyo pang'ono. "Mayi a Princess, zoterezi ine sindinazionepo. Mwanayu watola chiyani kutchireko?"

Rozi anatulutsa mkono. Dzanja lake linali lodzaza matope ofiira. Ankayenderera mpaka pachigongono.

Amayi anamugwira dzanjalo. Anatapako pang'ono. Anafikisa ndi zala. Ananunkhiza.

"Rozi, unatola pati?"

"M'dzenje la panjira ya kudambo."

"Ambuye wanga!" anatero amayi. "Si miyala imeneyo! Ili ndi dothi la katondo. M'dzenje limenelo timakumbamo dothi lozirira nyumba. Likauma limalimba ngati mwala. Likalowa m'madzi limasungunuka."

"Ndiye si magazi?" anafunsa Princess.

"Ndi matope!"

"Ndiye mphaka uja ndamuthamangitsiranji?" anafunsa abambo.

Rozi analibe nthawi ya mphaka.

"Nsomba zikufa!" anatero. "Ndithandizeni! Ndikufuna madzi oyera!"

Abambo anathamangira kuseri. Anabwera ndi beseni lochapiramo zovala.

"Ayi, ababa! Limenelo lili ndi sopo!"

Princess anatenga poto. Anathamangira kumpopi.

"Ayi, achemwali! Apampopi ali ndi mankhwala!"

"Nanga ukufuna madzi ati, mwana iwe?" anafunsa abambo.

Rozi anayang'ana kukhitchini. Pakona panali ndowa yaikulu yovundikira. M'menemo amayi ankasungamo madzi akumwa. Anali madzi ogona.

"Amayi, ndipatseni awo."

"Akumwawo? Nanga ife timwa chiyani?"

"Mupatseni, anzanga," anatero Mayi Ashura. "Kwathu madzi aliko. Mudzatunga."

Abambo ananyamula ndowa ija. Anaiika pafupi ndi thanki. Rozi anatenga sefa yosefera ufa. Anailowetsa pansi pa Dzungu. Anaikweza. Dzungu anaphiriphitha. Rozi anamuika mu ndowa. Khuvu!

Dzungu anatsikira pansi. Anazungulira kamodzi. Anazungulira kawiri.

"Mmodzi wapulumuka," anatero Mayi Ashura.

"Kwatsala Nthanga," anatero Rozi.

Nthanga anali wamng'ono kwambiri. Madzi anali ofiira kwambiri. Akanamuona bwanji?

"Tizitapa madziwa ndi makapu," anatero Rozi. "Tizithira mu sefa. Nthanga akakhalamo, atsala mu sefamo."

Aliyense anatenga kapu. Abambo anagwira sefa pamwamba pa beseni lija. Beseni la sopo linapeza ntchito yake: kulandira madzi otaya.

Amayi anatapa. Anathira. Mu sefa munalibe kanthu.

Princess anatapa. Anathira. Mu sefa munalibe kanthu.

Mayi Ashura anatapa. Anathira. Mu sefa munalibe kanthu.

Bulauzi yoyera ya amayi inafiira. Malaya a abambo anafiira. Pansi ponse panafiira. Palibe amene anadandaula.

Madzi anatsika mpaka pakati. Nthanga sanaoneke.

Madzi anatsika mpaka pansi. Nthanga sanaoneke.

M'thankimo munatsala matope okhaokha.

"Mwina Dzungu wamumeza," anatero Princess. Ulendo uno sankaseka. Ananena motsitsa mawu.

Misozi inatsika m'masaya a Rozi. Sanaipukute. Manja ake anali ndi matope. Anawapisanso m'thankimo. Anafufuza ndi zala, pang'onopang'ono. Anayamba pakona iyi. Anapita pakona iyo.

Pakona yomaliza anakhudza kanthu kofewa.

"Amayi!"

Anakatapa ndi manja awiri. Kanali Nthanga. Sanalinso woyera. Anali wofiira ngati matopewo. Sankagwedera.

Amayi anabwera ndi bakuli loyera. Anatapa madzi mu ndowa muja. Rozi anamuika Nthanga m'bakulimo.

Matope anachoka. Nthanga anayeranso. Koma anagona cham'mbali. Anangoti zii.

Onse anaweramira bakuli lija. Mitu isanu inagundana. 

Rozi anaviika chala. Anagwedeza madzi pang'ono. Anagwedezanso.

"Dzuka, Nthanga," anatero. "Dzuka."

Kakamwa kanatseguka. Kanatseka.

"Mwaona?" ananong'ona Princess.

Kakamwa kanatsegukanso. Kamchira kong'ambika kanagwedera. Nthanga anatembenuka. Anaima bwinobwino. Anasambira mpaka m'mbali mwa bakuli.

"Mulungu ndi wamkulu!" anatero Mayi Ashura.

Amayi analuluta. Abambo anakhala pansi, pamatope pomwepo. Anapumira m'mwamba.

Madzulo anatsuka thanki. Anatsuka ndi madzi okha, popanda sopo. Anathiramo madzi kuti agone. Dzungu anakhala mu ndowa. Nthanga anakhala m'bakuli.

"Ukanandionetsa miyala yakoyo," anatero amayi akukolopa.

"Ndimaopa kuti mundiseka."

"Tikanakuseka pang'ono," anatero amayi. "Tsopano tikuseka kwambiri. Gwira chikolopa ichi."

Rozi anagwira chikolopa. Anakolopa pabalaza ponse.

M'mawa mwake Dzungu anabwerera m'thanki. Nthanga anatsala m'bakuli. Rozi sanafune kuti alumidwenso. Koma bakuli linali laling'ono. Nthanga ankangozungulira pamodzimodzi.

"Miyala ikufunikabe," anatero Rozi.

"Miyala imeneyonso?" anatero abambo. "Sinatikwane?"

"Ya ulendo uno ikhala yeniyeni, ababa."

Loweruka lotsatira anapita onse ku Kachebere. Amayi aang'ono anamva nkhani yonse. Anaseka mpaka anagwira m'mimba.

"Mwana wa pa Boma iwe!" anatero. "Wandibera dothi langa kukapatsa nsomba? Zimafuna kuzira nyumba yawo?"

Rozi anachita manyazi. Koma nayenso anaseka.

Kenaka onse anatsikira kumtsinje. Anadutsa dzenje lija. Rozi sanaliyang'ane n'komwe.

Pamtsinje panali miyala yambiri yosalala. Princess anawerama kuti atole.

"Pano ayi, achemwali," anatero Rozi. "Taonani thovu ilo. Pano anthu amachapirapo. Miyalayi yamwa sopo."

Anakwera kumtunda kwa mtsinje. Kumeneko madzi anali mbee. Rozi anavula nsapato. Analowa m'madzi.

"Ndikufuna miyala ya m'madzi momwemu," anatero. "Imeneyi yanyowa kale. Sinasungunuke."

Anatola umodzi. Anaumenyetsa pa unzake. Go, go, go! Sunagumuke. Anaukanda ndi chikhadabo. Sunakandike. Anaufikisa ndi chala chonyowa. Chala sichinafiire.

"Uwu ndi mwala," anatero Rozi.

Anatola wina. Anamenyetsa. Anakanda. Anafikisa.

"Uwunso ndi mwala."

Abambo anapinda buluku. Nawonso analowa m'madzi.

"Denga ndikupezera ndine," anatero.

Anaona mwala waphanthiphanthi. Anapisa dzanja pansi pake. Mwadzidzidzi anakuwa.

"Mayo! Njoka! Njoka!"

Anatulutsa dzanja. Pa chala chawo panali nkhanu. Inawapana zolimba. Abambo anadumpha. Anakutumula dzanja. Nkhanu inagwera m'madzi. Inathawa cham'mbali.

Amayi anaseka. Amayi aang'ono anaseka. Princess anaseka mpaka anakhala pansi.

Rozi sanaseke. Maso ake anali tuzu.

"Ikanalowa m'thanki imeneyo!" anatero. "Ikanamudya Nthanga!"

Anatenganso miyala yonse. Anaitembenuza. Anasuzumira m'timaenje tonse. Pa mwala wina anapeza kansundu. Anakachotsa ndi kamtengo. Pa mwala wina anapeza tinkhono. Anatibwezera m'madzi.

Atafika kunyumba, ntchito inayamba. Mayi Ashura anamupatsa bulashi yatsopano. Rozi anakwecha miyala yonse. Anakwecha ndi madzi okha, popanda sopo. Ndere zinachoka. Mchenga unachoka.

Anaiyanika padzuwa. Inauma gwa.

"Tsopano ika m'thanki," anatero Princess.

"Ayi," anatero Rozi. "Iyambe yagona mu ndowa."

Anaiika mu ndowa ya madzi oyera. M'mawa anakasuzumira. Madzi anali mbee. Miyala inalimo yonse. Anaisiyabe. M'mawa wina anakasuzumiranso. Madzi anali mbee. Miyala inalimo yonse.

Rozi anasamba m'manja. Anatsukuluza bwinobwino. Anaika mwala uku. Anaika mwala uko. Anasanjika denga la abambo pamwamba. Analigwedeza kuti aone ngati lingagwe. Silinagwe. Anasiya kakhomo kakang'ono.

Kenaka anatenga bakuli. Anamubwezera Nthanga m'thanki.

Dzungu anamuona. Anamutsata. Nthanga anathawira uku. Dzungu anamutsata. Nthanga anathawira uko. Dzungu anamutsata.

Nthanga anaona kakhomo kaja. Analowa.

Dzungu anafika pakhomopo. Mutu unalowa. Mimba inakana. Anayesanso. Mimba inakananso. Dzungu anabwerera. Anapita kukafuna chakudya.

Madzulo abambo anabwera kuchokera kuntchito. Anayang'ana m'thanki. Anaona Dzungu yekha. Chikwama chinawagwa.

"Mayi a Princess! Nthanga wasowanso!"

Amayi anatuluka kukhitchini chothamanga. Princess anatuluka kuchipinda.

"Ababa, musakuwe," anatero Rozi. "Khalani pansi apa."

Abambo anakhala pansi. Amayi anakhala pambali pawo. Princess anagwada kumbuyo. Rozi anakhala pamiyendo ya abambo.

"Tsopano khalani chete," anatero Rozi.

Anadikira. Anadikira.

Pakakhomo paja panatuluka kakamwa. Kenaka kadiso. Kenaka kamutu koyera.

Nthanga anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anawayang'ana onse anayi.

"Tuluka, tikupatse moni," ananong'ona abambo.

Nthanga anabwerera m'kati.

"Musiyeni, ababa," anatero Rozi. "Ali kwawo."